Chaka Chimene Ndinadyetsa Nkhuku Udzu

Anthu a msinkhu wanga akafuna kutchula chaka chija sanena nambala. Ena amati chaka cha gaga. Koma pamudzi pomwe ndinakwatila, pakati pa Petauke ndi Nyimba, kufupi ndi mseu waukulu, amati chaka chimene a Mwale anadyetsa nkhuku udzu. A Mwalewo ndine. Munali m'masiku a Chitaganya, azungu atalumikiza maiko atatu pansi pa boma limodzi.

Kwathu ndi ku Katete. Kuno ndinabwela chikamwini, nditanyamula zinthu ziwili chabe: khasu ndi matenda owelenga. Sukulu sindinalowemo. Zilembo ndinazitola pa mapulazi a fodya, pa zitini za palafini ndi pa nyuzipepala zokulungila mchele. Vuto la sukulu yotele ndi lakuti mphunzitsi wako amabwela wong'ambika. Nkhani zambili za padziko ndimadziwa poyambila pake pokha.

Ine ndi mkazi wanga Esinati tinali ndi mwana mmodzi, Tisa. Awili oyamba tinawaika ali makanda. Akulu ake a Esinati, a Dailesi, anabeleka amuna okhaokha, motelo pa mbumba yonse mwana wamkazi anali Tisa yekha, ndipo kwa Ansenga mudzi umapitilila ndi mwana wamkazi. Anali ndi zaka ngati zinayi. Nkhani yonseyi ndi ya iye, ngakhale kuti mbili inapita kwa nkhuku.

Novembala

Dzinja lapitalo mvula inali itadula chimanga chitangomasula ngayaye, ndiye tinakolola zochepa. Pofika Novembala, Esinati akakwela m'nkhokwe sanali kuonekanso mutu. Tinali kumva manja okha akupalasa pansi.

Tinabzala ndi mvula yoyamba. Inagwa bwino, n'kupita osatsazika. Chimanga chinamela, masamba anapotana ngati anyezi, kenaka chinapsa. Tinabzalanso ndi mbewu yomwe tikanadya.

Pakhomo tinali ndi nkhuku zosakhala zathu. Alongo ake a Esinati, a Lungu, popita ku migodi anatisiila tambala ndi misoti itatu yofiila, yachizungu, yomwe anagula pa pulazi. Anati, "Alamu, mundisungile mbewu iyi." Zinali nkhuku zazikulu, zokongola, zosadziwa kupalasa. Zikamva njala zinali kubwela pakhomo n'kuima chilili, kuyembekeza kuki woziphikila. Yonyada koposa ndinaitcha Dona.

Nkhuku zotele zimafuna gaga. Koma mwezi usanathe, gaga tinayamba kudya ife.

Disembala

Mitengo inapenga. Kumayambililo kwa mwezi mbuzi inali kugula debe la chimanga. Pofika Khisimasi mbuzi yomweyo inali kugula lichelo, ndipo mwini chimanga anali kuyamba waigwila m'nthiti. Tambala wa a Lungu tinamsinthanitsa ndi gaga wodzala mbale.

Nkhuku yoyenda imadzidyetsa yokha, ngakhale yaulesi. Koma chaka chimenecho nkhuku yoyenda sinali kubwelela. Msoti umodzi unapita m'mawa, ndipo madzulo nthenga zofiila tinaziona kudzala kwa a Daka, anansi athu, omwe anali ndi ana asanu. Tinaziona, a Daka anaona kuti taziona, tinapatsana moni. Kuyambila pamenepo ziwili zotsalazo ndinazitsekela m'khola. Nkhuku yotsekeledwa imayang'ana iwe.

Kunamveka kuti ku boma kwabwela chimanga chachikasu chochokela kum'mwela. Kunamvekanso kuti a Chitaganya athilamo mankhwala otseka mimba, kuti anthu akuda tichepe, dziko litsale la azungu. A Dailesi analumbila kuti chinthu chachikasu sichilowa pakhomo pawo. Ine ndinapitabe ku Petauke wapansi, ndikuti mimba yanga ine ngakhale aitseke. Ndinapeza mzele wautali ndi chitseko chotseka. Chimanga chinali chitatha.

Ndinabwelako ndi kamchele chabe, ndipo monga mwa matenda anga ndinawelenga pepala lokulungila. Linali kunena kuti alimi ena amapatsa nkhuku udzu wouma wotchedwa luseni, nkhuku zimalimba, ndipo mkati mwa dzila mumakhala chikasu chambili. M'munsi mwake munali mawu akuti samalani kuti. Pepala linang'ambika pomwepo. Ndinalitembenuza, kuseli kunali chithunzi cha njinga.

Januwale

Mvula inabwelanso, tsopano yopanda ulemu. Tinali kupalila ndi mimba zopanda kanthu, kupuma mzele uliwonse. Chakudya chinali phala la gaga kamodzi pa tsiku, ndi bowa kapena masamba akuthengo. Tisa anayamba kukhala pansi malo amodzi. Tsitsi lake linafiila, mapazi anatupa. Ukadina ndi chala, dzenje linali kutsala.

M'mawa wina lole inatitimila m'matope potsika kumtsinje. Amuna onse a m'mudzi tinathamangila, aliyense akuganiza matumba. Dalaivala anali Mbemba, wonenepa bwino, ndipo potiona anayamba chimbuya, nthabwala zonyozana za mtundu wake ndi ife akum'mawa.

"Imwe akum'mawa, mwaonda bwanji? Mbewa zatha?"

"Zatha, mbuya," anatelo a Daka. "Tsika tione ngati wanyamula nyani wako tigawane."

Tinadula mitengo, tinakankha mpaka dzuwa pamutu. Lole itatuluka, dalaivala anavundukula tenti. Munalibe thumba ngakhale limodzi. Munali mitolo ya udzu wouma, yamakona anayi, yomangidwa ndi waya, yopita kwa mzungu wa ng'ombe za mkaka ku Foti Jemisoni. Dalaivala anasiya kuseka. Anati, "Abale anga, ndilibe china. Ndi luseni uyu." Anagwetsa mtolo umodzi wonyowa mbali imodzi.

Anzanga anatukwana n'kumapita. Ine ndinatsala. Mawu omwe ndinawaona papepala anali atagona pamseu patsogolo panga. Mtolowo ndinausenza pamutu.

"Onani a Mwale," anafuula a Daka. "Anzathu apeza ndiwo. Alamu, mukaphika mutiitane, ife tidzabwela ndi michila yathu."

Esinati anauyang'ana mtolowo, anandiyang'ana ine.

"Awisi Tisa," ndimo anali kundiitanila, mwa Chinsenga, "mwakankha lole tsiku lonse kuti akulipileni udzu? Kuseli kwa nyumba kulibe udzu?"

"Uwu ndi wina. Ndinawelenga."

"Eya. Munawelenga."

Unali udzu wonunkhila bwino, wa timasamba tating'ono ngati ta nshawa, ndi timitengo touma. Ndinazula dzanja lodzala n'kuponya m'khola momwe unalili. Nkhuku zinali ndi njala yoti zikanameza ndi waya yemwe. Patapita masiku ochepa mnzake wa Dona anasiya kudya, anangoima atatsinzina, chithokomilo chitauma ngati mwala. Ndinamupha asanafe yekha. Pong'amba chithokomilocho ndinapeza timitengo titalukana ngati chisa cha mbalame. Ndinati kodi, ndi izi zinali kumunsi kwa pepala. Nyama yake inatha tsiku lomwelo, chifukwa nkhuku ya njala pamudzi wa njala imakhala ndi abale ambili. Tisa anamwa msuzi.

Anatsala Dona. Tsopano ndinayamba kupulula masamba okha, kuwafikisa ndi kuwaviika m'madzi. Ndinapempha mtondo.

"Mtondo wanga sunadyepo udzu," anatelo Esinati.

Ndiye ndinali kupela pamwala kuseli kwa nyumba, mwamuna mkulu ndi ndevu zanga, akazi opita kumadzi akugwilana mapewa ndi kuseka. Timitengo tija sindinataye. Ndinali kutinyowetsa, kutiika m'phale, n'kukavundikila pachulu. M'mawa mwake phale linali kudzala chiswe. Dona anadya chiswe ndi phala lake lobiliwila, ndipo lipombo lake linayambanso kufiila.

Febuluwale

Mwezi uwu sindikonda kuukamba. Chimanga chinali chobiliwila mpaka m'mapewa, chokongola kuchiona, chopanda kanthu koti uike m'kamwa. Mwambo wa malilo unafupika, chifukwa okumba manda analibe mphamvu. Tisa anasiya kulila. Anthu amaganiza kuti mwana wa njala amalila, koma ayi, amangokuyang'ana.

Tsiku lina m'mawa Dona anatetela. Ndinalowa m'khola ndi mawondo, ndinatuluka ndi dzila lofunda m'dzanja. Esinati anali pakhonde ndi mwana pamiyendo, ndipo a Dailesi anali atabwela kudzapala moto.

"Amake Tisa," ndinatelo, "dzila ili timuphikile mwana."

A Dailesi anaika phale la moto pansi.

"Mwati chiyani, alamu?"

"Ndati mwana adye. Onani mapaziwo."

"Mwana wamkazi dzila? Mufuna kutitsekela mudzi?"

Lamulolo ndinali kulidziwa, chifukwa ndi kwathu komwe linalipo. Mtsikana akadya mazila, ankatelo akulu, sadzabeleka.

"Alamu, ndinawelenga kuti kuchipatala ana odwala..."

"Munawelenga. Pepala lanulo lili ndi ana angati? Ndiponso nkhukuyo ikudya chiyani? Si udzu wa Chitaganya? Chimanga chawo tinachikana, inu mwatibweletsela mankhwala omwewo kudzela m'nkhuku."

"Nanga akafa?"

"Safa. Maungu ali pafupi. Inu zikavuta mudzanyamula khasu lanu kubwelela ku Katete, mukakwatile kwina. Ife tidzatsala ndi ndani? Dzilalo idyani inu, ndinu mwamuna."

Musawaone ngati munthu woipa. A Dailesi ndiwo anali kubwela ndi kagaga kawo m'nsalu kudzapatsa Tisa, ana awo akuona. Anali kumkonda mwanayo monga ine, koma anali kuopa chinthu china. Ndipo mawu pa mwana sanali anga. Mwini mbumba anali a Lungu, ndipo a Lungu anali pansi pa nthaka ku migodi. Ndinayang'ana Esinati kuti anene kanthu. Iye anali kungosisita mapazi a mwana, maso pansi.

Dzilalo sindinalidye. Ndinapita nalo ku msasa wa anthu okonza mseu, kapitawo anandipatsa gaga wodzala kapu. Dzila lachiwili ndi lachitatu ndinachita chimodzimodzi. Kapitawo anati sanaonepo mazila achikasu chotelo. Ndinali kubwela ndi kapu yanga ya gaga, ndikudziwa kuti ndasiya chakudya n'kutenga makoko.

Kenaka mazila anasiya. Dona anali kutetela ndithu, ndinali kumumva ndili kuchulu, koma pofika m'khola ndinali kupeza chisa chopanda kanthu. Ndinati ndi njoka, ndinamata mabowo onse. Ndinati ndi likongwe, ndinatchela msampha, unagwila chala changa. Ndinaganiza zokhala pakhola m'mawa wonse, koma Esinati anati chiswe cha pafupi chatha, ndipite kuzulu za kutsidya kwa dambo. Masiku omwewo anandilanda ntchito yopela.

"Bweletsani udzu wanuwo ndizisinja mumtondo. Mukundichititsa manyazi pamwalapo."

Ndinakondwa, ndikuti mkazi wanga wayamba kulemekeza maphunzilo.

Mudzi wonse unadziwa. A Daka, ataonda mpaka malaya kuwakana, anaima pakhola tsiku lina kumvetsela Dona akutetela.

"Nkhuku iyi yatengela mwini wake," anatelo. "Ikuikila mawu okhaokha."

Ndinaseka nawo. Ndiko kuseka komaliza komwe ndinawamva. Mwana wawo wotsiliza, mnzake wa Tisa wosewela naye, anamwalila mwezi womwewo. Atamuika, a Daka anatenga banja lonse kupita kwa Sandwe, komwe kunamveka kuti kuli nyama ndi nsomba. Nyumba yawo inagwa ndi mvula ya chaka chotsatila.

Pobwela kumanda ndinakhala pafupi ndi khola. Ndinali nditayesa boma, lole, udzu, chiswe. Ndinalibe chinanso choyesa. Dona anali kundiyang'ana ndi diso limodzi monga zimachitila nkhuku, ndipo ndinamuuza kuti, "Mayi, ngakhale limodzi."

Malichi

Maungu oyamba tinawathyola ali aang'ono ngati nkhonya. Kenaka chimanga chachiwisi. Ena anadya mopitiliza, mimba zosazolowela zinawapweteka, ndipo nkhalamba ina inapita chakudya chili m'manja.

Tisa anali akali moyo. Sindinadziwe chifukwa chake, popeza ana onenepa kuposa iye anali atapita. Mapazi anayamba kuphwa. Tsiku lina nyelele inamuluma, ndipo analila mokweza, kulila kwaukali, kwa munthu wokwiya. Esinati anasiya madzi akutayika. A Dailesi anabwela akuthamanga kuchokela kwawo, anamnyamula n'kuvina naye pabwalo.

"Ndinanena ine," anatelo. "Ndinati maungu ali pafupi. Mukanampatsa zija bwenzi tikunena zina."

Ndinavomela. Ndikanati chiyani?

Epulo

Anthu atayamba kukhuta, umbava wa nkhuku unatha. Mtolo wa luseni nawo unali utatsala fumbi ndi waya. Ndinatsegula khola kuti Dona aone dziko. Anatuluka pang'onopang'ono, akuponda ngati pansi pali minga. Masana omwewo chiwombankhanga chinadutsa. Tinkhuku tachimudzi totsala tinathawila pansi pa nkhokwe. Dona anaima pakati pa bwalo, anapendeketsa mutu kuti aone bwino chomwe chikubwela.

Mbewu ya a Lungu inathela m'mwamba. Atabwela patapita zaka ziwili ndinawafotokozela zonse, ndipo anangofunsa kuti, "Udzu, alamu?" Waya uja ndinamangila chitseko.

Meyi

Tinakolola zapakatikati, zokwanila. Esinati anasinja ufa woyamba, woyela bwino, anaphikila mwana phala. Tinali atatu m'nyumba. Tisa analawa, anakankha mbale.

"Sili lija."

"Liti?" ndinafunsa.

"Lachikasu. La Dona."

Esinati anamtuma mwana kukasewela panja. Anatseka chitseko ndi waya wanga uja. Ndinayamba ndine kufunsa.

"Kuyambila liti?"

"Kuyambila dzila lachinayi. Mukapita kuchulu ndinali kuliswela m'phala la gaga. Ndinamuuza kuti akanena, Dona adzafa."

"Nanga zigoba?"

"Munampatsa Dona ndi manja anu. Mumati ndinali kusinja udzu wokha?"

"Bwanji osandiuza? Mudzi wonse unandiseka."

"Inu? Dzuwa lisanalowe mukanauza aliyense kuti pepala lanu lanena zoona."

Pamenepo sindinatsutse, chifukwa anali kundidziwa. Ndinayamba kuseka, koma ndinaona kuti iye sakuseka.

"Awisi Tisa, ine sindidziwa kuwelenga. Zomwe ananena akulu anga ndi zomwe anandiuza amama, ndipo ndimazikhulupilila. Ndinangoona kuti mwana wachitatu sindingamuike. Ngati ndamtseka mwana, ndamtseka ine. Musauze munthu."

Sindinauze munthu. Kwa munthu wa pakamwa ngati panga, imeneyo ndiyo ntchito yaikulu yomwe ndinagwilapo.

Zaka za pambuyo

Mwana wina sitinakhale naye. Tisa anakula, wamtali, wamakani ngati amake aakulu. Chitaganya chinatha, mbendela inasintha, mseu anauthila tala. Anakwatiwa ndi mnyamata wabwino wa kwa Kalindawalo. Chaka chinapita, china chinapita, chinanso. Anzake anali ndi wakumsana ndi wogwila dzanja, iye ali chabe. A Dailesi anayenda naye kwa asing'anga, apongozi anayamba kulankhula.

Esinati anali kuonda chaka ndi chaka. Ine ndinasonkhanitsa pepala lililonse lonena za mazila, ena athunthu osang'ambika, ndi kumuwelengela kuti dzila silitseka mimba ya munthu. Anali kumvetsela mwaulemu mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mwawelenga bwino." Anadwala chifuwa nyengo yozizila. Tisa atabwela kudzamudwazika, Esinati anali kumuyang'ana pamimba asanamuyang'ane kumaso. Anapita osaona chomwe anali kufuna.

Dzinja lachiwili titamuika, Tisa anabeleka mwana wamkazi. Ndinali nditakhala pansi pa mtengo ndi amuna anzanga pamene nthungululu inamveka. A Dailesi, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, anatuluka n'kubwela kwa ine misozi ili m'masaya.

"Alamu, mudzi wadzuka. Mwaona? Tikanamvela inu chaka cha udzu chija, lelo bwenzi tilibe munthu."

Anthu onse anaseka, ndipo ine ndinati, "Zoona, alamu."

Ndinanyamuka mofulumila kupita kunyumba, ndinamasula waya pachitseko, ndinalowa. Pakamwa panali patatseguka kale kuti ndimuuze Esinati. M'nyumba munali mtondo wake chabe, utavundikilidwa pakona.